Mawu ndinkawadziwa, koma nkhani sindinkaimva

Nditatsala ndi miyezi 7 kuti ndilembe mayeso olowera ku yunivesite, ndinatenga pepala la mayeso akale, ndinaika wotchi patebulo, ndipo ndinayamba kuyankha gawo la kumvetsa nkhani ya Chingerezi monga mmene ndikanachitira m'chipinda cha mayeso. Ndinalibe mantha, chifukwa kusekondale Chingerezi sichinkandivuta kwenikweni: malamulo a chiyankhulo ndinkawadziwa, ndipo chimangirizo ndinkalemba chomveka. Koma nthawi inatha ndisanafike n'komwe pa nkhani yomaliza, ndipo nditachonga ndinapeza kuti pa mafunso 20 amene ndinayankha, ndinakhoza 8 okha. Chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo chinali chakuti ambiri mwa mafunso amene ndinalakwawo ndinawayankha ndi mtima wonse, popanda kukayika ngakhale pang'ono. Munthu amene akudziwa kuti wangoponya yankho amadziwanso pamene pali vuto lake, koma ine sindinkadziwa kuti ndiyambire pati kukonza, poti kwa ine zonse zinkaoneka kuti ndazimva.

Ndinatenga pepalalo kupita nalo kwa aphunzitsi ena opuma pantchito amene anaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri. Iwo sanayambe ndi kundipatsa malangizo. Anasankha chiganizo chimodzi chokha m'nkhani ina, nandiuza kuti ndichiwerenge mokweza, kenaka ndiwafotokozere m'Chichewa zomwe chikunena. Chiganizocho chinali chofanana ndi ichi: "Although the new method was widely praised, few of those who tried it continued to use it after the first year." Ndinachiwerenga bwinobwino popanda kuphonya liwu, ndipo ndinawauza kuti njira yatsopanoyo inayamikiridwa kwambiri ndipo anthu angapo anapitiriza kuigwiritsa ntchito chaka choyamba chitatha. Iwo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Mwana wanga, mawu akuluakulu onse wawadziwa, koma timawu tiwiri timene tanyamula nkhani yonseyi watidumpha. Kodi wolemba uyu akuiyamikira njirayi kapena akukuuza kuti inalephera?" Ndinayankha kuti akuiyamikira, aphunzitsi. Iwo anaika nsonga ya pensulo pa liwu loyamba, "although", ndi pa liwu lina lapakati, "few", osanena kanthu, mpaka ndinaona ndekha.

Liwu lakuti "although" limachenjeza wowerenga kuti zimene zikubwera poyambazo wolemba akungozivomereza kaye, koma mfundo yake yeniyeni ili kutsogolo, ndipo idzatsutsana nazo. Liwu lakuti "few" likaima lokha limatanthauza kuti ndi ochepa kwambiri, pafupifupi palibe, pamene "a few" amatanthauza kuti alipo ndithu angapo. Chilembo chimodzi chokhacho chimatembenuza maganizo a chiganizo chonse, ndipo zilinso chimodzimodzi ndi "little" ndi "a little". Choncho wolembayo ankanena kuti ngakhale njirayo inatamandidwa, pafupifupi onse amene anaiyesa anaisiya. Ine ndinali nditagwira liwu lakuti "praised", chifukwa ndi limene linali lalikulu ndi lowala m'maso mwanga, n'kusankha yankho lonena kuti anthu anakhutira ndi njirayo. Olemba mafunsowo ankadziwa bwino kuti alipo ophunzira ambiri owerenga ngati ine, ndipo yankho limenelo analiika dala kuti litikole.

Ntchito yoyamba imene aphunzitsiwo anandipatsa inali yachilendo kwa ine. Kwa sabata yathunthu anandiletsa kuyankha funso lililonse. Anati tsiku lililonse ndizitenga nkhani imodzi, ndizizunguliza ndi pensulo timawu tonse timene timasonyeza kumene maganizo a wolemba akulowera, ndipo pambali pa tsamba ndizilemba ntchito ya liwu lililonse. Pali mawu amene amabweza nkhani, monga "however", "yet", "nevertheless", "whereas" ndi "despite". Pali ena amene amalumikiza chifukwa ndi zotsatira zake, monga "therefore", "hence", "thus" ndi "consequently". Ndiye pali gulu lina limene ndinali ndisanalilabadirepo n'kale lomwe, mawu amene wolemba amachepetsera mphamvu ya zomwe akunena, monga "may", "tends to", "suggests", "in some cases", pamodzi ndi ena okana mobisa monga "hardly", "scarcely", "seldom" ndi "by no means". Nditamaliza sabatayo, tsamba la Chingerezi linasiya kuoneka ngati mulu wa mawu ofanana kulemera kwake. Ndinayamba kuona pamene wolemba akunena maganizo a anthu ena, pamene akuwatsutsa, pamene akupereka chitsanzo chabe, ndi pamene akuima n'kunena zake.

Ndikufuna kutsindika pa nkhani ya maganizo a anthu enayi, chifukwa ndi pamene ndinkataya malikisi ambiri. Olemba nkhani zamaphunziro m'Chingerezi amakonda kuyamba ndi mfundo imene iwo sakugwirizana nayo. Amatha kulemba ndime yonse yoyamba, yokoma ndi yomveka, kufotokoza zomwe anthu ambiri amakhulupirira, atayamba ndi mawu ngati "it is often assumed that" kapena "many have argued that", ndipo pokhapokha ndime yachiwiri ikamayamba m'pamene amatembenuka. Wowerenga amene watopa kapena akuthamanga amatenga ndime yoyambayo ngati mfundo ya wolemba, ndipo funso lofunsa cholinga cha nkhani yonse amalilakwa, pamodzi ndi mafunso ena awiri kapena atatu otsamira pa funso limenelo. Ndinazolowera kudzifunsa pa ndime iliyonse kuti, kodi pano akuyankhula ndani, ndipo wolemba waima mbali iti?

Chachiwiri chimene anandiphunzitsa chinali kulondola alowam'malo. M'Chichewa mgwirizano wa magulu a mayina umatithandiza kwambiri: ndikati "chinagwa" kapena "unagwa", kaphatikizo koyambako kakuuzani kale mtundu wa chinthu chimene ndikunena. M'Chingerezi liwu limodzi lakuti "it" limatha kuimira chilichonse mwa zinthu zinayi zimene zatchulidwa m'chiganizo cham'mbuyo, ndipo "this" nthawi zambiri saimira dzina limodzi koma ganizo lonse la ndime yapitayo. Aphunzitsi anandiuza kuti pa "it", "they", "this", "which", "the former" ndi "the latter" aliyense ndizijambula muvi wobwerera ku chinthu chimene akuimira. Masiku oyamba mivi yanga yambiri inkaloza polakwika, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti nthawi zambiri ndinkafika pakati pa ndime nditataya kale mwininkhani, n'kumangopitiriza kutchula mawu.

Ziganizo zitalizitali nazo zili ndi njira yake. Chiganizo cha mizere isanu chimaopsa, koma pafupifupi nthawi zonse chimakhala ndi mwininkhani mmodzi ndi mneni wamkulu mmodzi, ndipo zina zonsezo ndi nthambi zongoonjezera. Ndinaphunzira kuphimba ndi chala zigawo zimene zili pakati pa mipatuliro kapena zoyamba ndi "which" ndi "who", kuti ndione kaye thunthu la chiganizo, kenaka n'kubwezeretsa nthambizo imodziimodzi. Ndinazindikiranso kuti Chingerezi cha m'mabuku chimakonda kusandutsa zochitika kukhala mayina. M'malo monena kuti anthu anachita chakuti ndiye chakuti chinachitika, chimalemba kuti "the removal of the restriction led to an expansion of trade", moti wochitayo amabisika. Ife m'Chichewa timaganiza ndi aneni, ndipo tinganene kuti atachotsa chiletsocho malonda anakula. Ndikakumana ndi chiganizo chodzaza ndi mawu othera ndi "-tion", "-ment" kapena "-ance", ndinkachimasula podzifunsa kuti ndani anachita chiyani, ndipo kenaka chinachitika n'chiyani. Funso limeneli linanditsegulira ziganizo zambiri kuposa mmene dikishonale inachitira.

Izi sizikutanthauza kuti kudziwa mawu ambiri n'kosafunika. Mmene ndinkalimbana ndi timawu ting'onoting'onoto, ndinali ndi vuto linanso, lakuti nkhani zina zinali ndi mawu achilendo ochuluka kwambiri moti panalibe poyambira kulondola maganizo. Poyamba ndinkaganiza kuti mankhwala ake ndi kuwerenga mabuku ovuta kwambiri amene ndingawapeze, ndi dikishonale pambali, ndipo ndinkatha ola lathunthu pa tsamba limodzi, n'kudzuka mutu ukuwawa ndisanatolepo kanthu. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa Marcella Hu ndi Paul Nation wa m'chaka cha 2000, amene anasonyeza kuti kuti munthu amve bwino nkhani payekha popanda thandizo, amafunika kudziwa pafupifupi mawu 98 pa mawu 100 alionse, kutanthauza kuti liwu lachilendo lizipezeka limodzi lokha pa mawu 50. Nation yemweyo mu 2006 anawerengetsa kuti kufika pa mlingo umenewu powerenga mabuku ndi nyuzipepala za Chingerezi kumafuna mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000. Banja la mawu ndi liwu pamodzi ndi ena ochokera ku tsinde lake, monga "analyse", "analysis" ndi "analytical". Chiwerengerochi chinandiopsa, koma chinandimasulanso, chifukwa ndinamvetsa kuti kulephera kwanga pa mabuku aja sikunali kupanda nzeru. Ndinkangodzisenzetsa katundu woposa msinkhu wanga.

Kuyambira pamenepo ndinagawa kuwerenga kwanga pawiri. Madzulo alionse ndinkawerenga kwa mphindi 40 zinthu zosavuta zimene zinkandisangalatsa, nkhani zopeka, mbiri za anthu, ndi mabuku olembedwa dala m'Chingerezi chofewetsedwa kwa ophunzira, popanda kutsegula dikishonale pokhapokha liwu litabwera kachitatu ndipo likunditsekereza. Posankha buku ndinkawerenga tsamba limodzi n'kuwerengetsa mawu achilendo. Akapitirira 6 kapena 7 pa tsambalo, ndinkalisunga kuti ndidzalibwerere m'tsogolo. M'mawa ndiye ndinkatenga nkhani imodzi yaifupi koma yolimba, ya sayansi, zachuma kapena mbiri yakale, n'kuisenda bwinobwino ndi pensulo. Kuwerenga kwa madzulo kunkandipatsa liwiro ndi kuzolowera kamvekedwe ka chiyankhulo, pamene kwa m'mawa kunkandiphunzitsa kusamala. Ndikanati ndisankhe chimodzi chimene ophunzira anzanga amachinyalanyaza kwambiri, ndi kuwerenga kosavuta kuja, chifukwa kumaoneka ngati kusewera pamene mayeso ali pafupi. Komatu liwu limakhazikika m'mutu munthu akakumana nalo kambirimbiri m'malo osiyanasiyana, ndipo zimenezi sizingatheke kwa munthu wowerenga tsamba limodzi patsiku.

Pa mawu oti ndiloweze mwadala, sindinatenge mndandanda uliwonse umene ndinaupeza pa intaneti. Ndinagwiritsa ntchito Academic Word List, imene Averil Coxhead wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand anaisindikiza mu 2000. Ili ndi mabanja a mawu 570 amene amapezeka kawirikawiri m'zolemba zamaphunziro a mitundu yosiyanasiyana, ndipo mawu amenewa okha amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a zolemba zotere. Anawagawa m'magulu 10 kuyambira ndi opezeka kwambiri, ndipo gulu loyamba lili ndi mawu ngati "assume", "derive", "evident", "factor", "indicate" ndi "significant". Ambiri mwa iwo ndinkawazindikira ndikawaona, koma ndikafunsidwa kusiyana kwa "indicate" ndi "establish" ndinkasowa chonena, chikhalirecho kusiyana kumeneku n'kumene funso la mayeso limafuna: loyambalo limangoloza, lachiwirilo limakhazikitsa.

Liwu lililonse ndinkalilemba pa kakhadi, kutsogolo chiganizo chimene ndinalipezamo, kumbuyo tanthauzo lake m'Chingerezi chosavuta. Makhadiwo ndinkawasunga m'timabokosi titatu motsatira njira imene Sebastian Leitner anaifalitsa m'zaka za m'ma 1970: khadi limene ndalikumbukira limasamukira m'bokosi lobwerezedwa patalipatali, limene ndaliiwala limabwerera m'bokosi la tsiku ndi tsiku. Maziko a njirayi ndi zimene Hermann Ebbinghaus anasonyeza kale mu 1885, kuti zimene taloweza timaziiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kubwereza motalikitsa nthawi kumazisunga. Amene ali ndi foni kapena kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu ya Anki imene imachita zomwezi yokha, koma mapepala odula ndi lumo anandikwanira.

Mawu amene anandipweteka kwambiri sanali achilendo, koma odziwika amene ali ndi tanthauzo lachiwiri. Liwu lachilendo umaliona n'kuchenjera nalo, pamene lodziwika umangolidutsa ndi chidaliro. Ndinkadziwa "novel" ngati buku la nkhani yaitali, osadziwa kuti "a novel approach" ndi njira yatsopano. Ndinkadziwa "sound" ngati phokoso, pamene "a sound argument" ndi mfundo yolimba. "To qualify a statement" si kukhoza mayeso ayi, koma kuchepetsa kapena kuikira malire zomwe wanena. "Since" nthawi zina amanena za nthawi, nthawi zina za chifukwa, ndipo "while" akhoza kutanthauza "pamene" kapena "ngakhale kuti". Ngakhale kuphwanya liwu m'zigawo zake, kumene kumathandiza kwambiri pa mawu ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, kuli ndi misampha yake: "in-" kawirikawiri amakana, koma "invaluable" ndi chinthu chamtengo wapatali zedi, osati chopanda pake. Lamulo limene ndinadziikira linali lakuti ngati chiganizo chikumveka chopanda nzeru pamene mawu onse ndikuwadziwa, ndiye kuti limodzi mwa mawuwo lavala tanthauzo lina, ndipo ndiyenera kulifufuza mu dikishonale ya Chingerezi chokhachokha mpaka tanthauzo lachitatu ndi lachinayi.

Za liwiro ndinena mwachidule. Nditadziyesa koyamba ndinkawerenga mawu pafupifupi 100 pa mphindi, chifukwa chiganizo chilichonse ndinkachitembenuzira m'Chichewa m'mutu ndisanapite pa china. Kafukufuku amene Marc Brysbaert anasonkhanitsa mu 2019 anapeza kuti akuluakulu owerenga Chingerezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 238 pa mphindi pa nkhani zosapeka. Sindinafike pamenepo, ndipo sindinayese njira zolonjeza kuti munthu adzawerenga tsamba m'masekondi ochepa, chifukwa liwiro lopanda kumva lilibe phindu pa mayeso otere. Kumasulira m'mutu kunatha pang'onopang'ono kokha chifukwa cha kuwerenga kwa madzulo kuja, ndipo pofika mwezi wachisanu liwiro langa linali litatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Chida chimene chinandithandiza koposa zonse chinali kope la zolakwa. Nditabwerera ku mapepala a mayeso akale, aphunzitsi anandiletsa chizolowezi chongochonga n'kuwerengetsa malikisi. Anati, "Pepala limodzi ukalisanthula bwino liposa mapepala khumi ongothamangira. Funso lililonse limene walakwa, ulembe chifukwa chimene yankho lako linakukopera." Ndinagawa tsamba m'mizere: yankho limene ndinasankha, yankho lolondola, mzere wa m'nkhani umene ukulichitira umboni, ndi chimene chinandisokeretsa. Kulemba zimenezi kunkatenga nthawi yaitali kuposa kuyankha mafunsowo. Koma patapita masabata anayi ndinaona kuti zolakwa zanga sizinali zamitundumitundu monga mmene ndinkaganizira, zinkangobwerezabwereza. Nthawi zina ndinkasankha yankho limene labwereza mawu enieni a m'nkhani koma litatembenuza tanthauzo, pamene yankho lolondola linanena mfundo yomweyo ndi mawu ena. Nthawi zina ndinkasankha yankho lokokomeza, lokhala ndi "always", "never" kapena "proves", pamene wolemba anangoti "often" kapena "suggests". Nthawi zinanso yankho linkakhala loona theka loyamba, ndipo ine ndinkalivomera ndisanawerenge theka lachiwiri.

Cholakwa chimene chinadzaza masamba ambiri m'kopemo chinali kusankha yankho loona m'moyo koma losanenedwa m'nkhani. Ndikukumbukira nkhani ina yonena za udzudzu ndi malungo, mutu umene ndinkaudziwa bwino kuchokera m'phunziro la sayansi. Funso linafunsa chimene wolemba akunena kuti chinachititsa kuti matendawo achuluke m'dera lina, ndipo ine ndinasankha madzi osayenda, chifukwa aliyense amadziwa kuti udzudzu umaswana m'madzi otere. Koma wolembayo sanatchule madzi paliponse. Iye ankanena za tizilombo timene tinasiya kumva mankhwala. Ndinali nditayankha kuchokera m'mutu mwanga, osati kuchokera pa pepala. Apa pali zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zikutsutsana, ndipo zonse ndi zoona. Kudziwa kale za mutu wa nkhani kumathandiza kwambiri kuimva: mu 1988 Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana asukulu a ku America nkhani ya masewera a baseball, ndipo ana osawerenga bwino koma odziwa masewerawo anaimva ndi kuikumbukira bwino kuposa ana owerenga bwino amene sankawadziwa. N'chifukwa chake ndinkaonetsetsa kuti kuwerenga kwanga kwa m'mawa kuzikhudza mitu imene sindinkaikonda, monga zachuma ndi nzeru za kaganizidwe. Koma zimene ukudziwa kalezo ntchito yake ndi kukuthandiza kumva zomwe wolemba akunena, osati kumuyankhira. Kuyambira tsiku la nkhani ya malungo ija, sindinkalemba yankho ndisanaike chala pa mzere umene ukulichitira umboni, ndipo ngati ndi funso lofuna zimene wolemba sananene mwachindunji, ndinkasankha yankho limene latalikira pang'ono kwambiri ndi zomwe zalembedwa.

Panali chizolowezi chinanso chaching'ono chimene ndinachiyamba m'mwezi wachitatu. Ndikamaliza nkhani ya m'mawa, ndinkatembenuza pepala n'kulemba chiganizo chimodzi pa ndime iliyonse, chonena ntchito ya ndimeyo, kenaka chiganizo chimodzi cha nkhani yonse. Ndikayang'ana pepala ndikulemba, ndinkangokopera mawu ake n'kudzinamiza kuti ndamva, koma ndikalibisa, pamene sindinamve pankaonekera nthawi yomweyo. Akatswiri awiri, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anasonyeza mu 2006 kuti ophunzira amene anayesa kukumbukira nkhani popanda kuiona anasunga zambiri patatha sabata kuposa amene anangoiwerenga mobwerezabwereza, ngakhale kuti obwerezawo ndi amene ankachita bwino patangotha mphindi zochepa. Kubwereza kuwerenga kumapatsa mtima chitonthozo, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ambirife timakukonda.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti zinkangoyenda mokwera. M'mwezi wachinayi malikisi anga anaima malo amodzi kwa masabata angapo, ndipo pepala lina ndinachita moipa kuposa mwezi wam'mbuyo. Ndinafooka kwambiri, mpaka ndinasiya makhadi anga kwa masiku angapo. Chimene chinandidzutsa chinali kuyamba kuwerenga ndi mnzanga wina amene ankakonzekera mayeso omwewo. Aliyense ankayankha payekha, kenaka tisanaone mayankho olondola tinkayerekeza zathu, ndipo pamene tasiyana aliyense ankayenera kuteteza yankho lake posonyeza mzere. Kangapo ndinayamba kufotokoza ndi mphamvu, n'kuzindikira ndili pakati pa kuyankhula kuti umboni wanga palibe. Kangaponso iye ankaona kamvekedwe ka mawu kamene ine ndinakaphonya, makamaka pa mafunso ofunsa mmene wolemba akumvera mumtima. Iye ndiye anandionetsa kuti wolemba akati wina "claims" chakuti m'malo moti "shows", kapena akaika "so-called" patsogolo pa dzina, ndiye kuti akukayikira, ngakhale sananene poyera.

Ophunzira amatsutsana ngati ndi bwino kuyamba ndi mafunso kapena ndi nkhani. Ndinayesa njira zonse ziwiri ndi wotchi, ndipo kwa ine kuyamba ndi mafunso kunkandichititsa kusaka mawu m'malo motsatira maganizo, komwe kunali kubwerera ku matenda anga akale. Ndinakhazikika pa kuwerenga nkhani yonse kamodzi mosaima, ndikulemba mawu awiri kapena atatu pambali pa ndime iliyonse, kenaka n'kupita ku mafunso ndikudziwa kale pamene yankho lililonse lingapezeke. Mnzanga uja ankachita mosiyana ndipo zinkamuyendera. Chofunika n'chakuti munthu ayese njirazi kunyumba, agawe mphindi za nkhani iliyonse molingana ndi malangizo a mayeso amene akukalemba, ndipo asakayambe njira yatsopano m'chipinda cha mayeso.

Tsiku la mayeso, nkhani yoyamba inayenda bwino, koma yachiwiri inali yokhudza mkangano wa akatswiri pa mmene ana amaphunzirira chiyankhulo, ndipo ndime yake yoyamba sindinaimve ngakhale pang'ono. Ndinamva manja akutuluka thukuta, ndipo mtima unkandiuza kuti ndibwerere pachiyambi mpaka ndimve. Sindinabwerere. Ndinazunguliza mawu akuti "it has long been held" amene anali pamzere woyamba, n'kupitiriza, podziwa kuti penapake kutsogolo wolembayo atembenuka. Pachiyambi pa ndime yachitatu ndinapeza "yet", ndipo kuchokera pamenepo anayamba kupereka zitsanzo zosavuta zotsutsa ganizo lakalelo, moti nditabwerera ku ndime yoyamba ija ndinaimva chifukwa ndinali nditadziwa chimene ikutsutsidwa nacho. Funso limodzi linandikanika, ndinaliika chizindikiro n'kulisiya, ndipo ndinalibwerera kutatsala mphindi 6. Mayankho awiri ankaoneka olondola onse, koma limodzi linali ndi liwu lakuti "entirely", pamene wolemba pa mzere umene ndinaikapo chala analemba kuti "largely". Ndinasankha linalo, ndinaonanso ngati nambala za mayankho anga zikugwirizana ndi nambala za mafunso, ndipo woyang'anira mayeso atanena kuti tiike zolembera pansi, ndinali nditayankha mafunso onse. Zotsatira zitatuluka dzina langa linali pa mndandanda wa osankhidwa, ndipo ndinapita kukawauza aphunzitsi aja nditanyamula kope la zolakwa lija, limene panthawiyo linali litatsala ndi masamba atatu okha osalembedwa.